Mphamvu ya seramiki imabadwira mu ufa

M'foni ya m'manja yamakono muli timakapasita pafupifupi 1,000, tina tosakwana n'theka lomwe la milimita. Pa pulagi ya injini ya petulo pali chigoba choyera chomwe chimapirira moto ndi magetsi kwa zaka. M'kamwa mwa anthu ambiri masiku ano muli mano oikirira oyera ndi olimba. Zinthu zitatuzi n'zapachibale. Zonse ndi seramiki za okusayidi, ndiye kuti chitsulo chomwe chagwirana ndi okosijeni n'kuuma ngati mwala: barium titanate m'kapasita, alumina pa pulagi, zirconia m'dzino. Ndipo zonse zinayamba zili ufa woyera m'thumba.

Matumba awiri akhoza kulembedwa dzina limodzi, alumina, wopima mankhwala n'kutsimikiza kuti zam'katimo n'zofanana. Koma ufa wa m'thumba lina ukaumbidwa n'kuwotchedwa umatuluka wolimba gwa, pomwe wa m'thumba linalo umatuluka wa timabowo ndi ming'alu. Kusiyanako kuli m'njere za ufawo: kukula kwake, maonekedwe ake, mmene maatomu ayalidwira m'kati mwake, ndi mmene njerezo zagwiranirana. Zonsezi zimakhazikika ufa ukamapangidwa, ng'anjo isanayatsidwe n'komwe.

Wosula zitsulo ali ndi mwayi womwe woumba seramiki alibe. Chitsulo amachisungunula, ndipo chikasungunuka zolakwika zake zakale zimafafanizika. Alumina imasungunuka pa madigiri opitirira 2,000, zirconia pa madigiri pafupifupi 2,700. N'chifukwa chake kawirikawiri ufa amangoutsendera m'chikombole n'kuuwotcha pa moto wocheperapo, woti njere zimatane osasungunuka. Maatomu amayenda pang'onopang'ono kukadzaza timipata ta pakati pa njere, choumbacho n'kumafota ndi kulimba. Mpata waukulu womwe unalipo mu ufa sutsekeka, ndipo tsiku lomwe seramikiyo idzasweke, mng'alu udzayambira pomwepo.

Chifukwa chake njere zazing'ono zimafunidwa

Miyeso ya kuno ndi iwiri. Mayikironi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mayikironi. Chomwe chimakankha njere kuti zimatane pa moto ndi khungu lake. Maatomu okhala kunja kwa njere sakhazikika ngati a m'kati, chifukwa mbali imodzi alibe anzawo owagwira. Moto ukawapatsa mpata, amayenda kuti khungulo lichepe. Galamu imodzi ya alumina ya njere za mayikironi imodzi ili ndi khungu lokwana masikweya mita 1.5. Njere zikakhala za mananomita 10, galamu yomweyo imakhala ndi masikweya mita 150.

Mu 1950, Conyers Herring wa ku Bell Laboratories anawerengetsera momwe kukula kwa njere kumasinthira nthawi yowotchera. Pa njira ina yomwe maatomu amayendera, njere zikachepa kakhumi, nthawiyo imachepa ka 1,000. Moto wocheperapo, mafuta ochepa, seramiki ya njere zosalala yomwe sisweka msanga: n'zomwe zinachititsa akatswiri kusiya kudalira chigayo chokha. Kugaya kuli ndi polekezera, ndiponso timipira togayira timaperepeseka n'kudetsa ufa. Ufa wosalala kwambiri amachita kuumeretsa.

Kubadwa ndi kukula

Njira yofala ndi ya m'madzi. Amasungunula mchere wa chitsulo, monga wa zirconium kapena wa aluminiyamu, n'kuthiramo amoniya kapena soda. Madziwo amafika pokhuta, kenako n'kupitirira muyeso womwe angasunge. Zikafika apo maatomu amayamba kuunjikana m'timagulu, ndipo kagulu komwe kakula mokwanira sikasungunukanso. Kamasanduka kambewu komwe njere imakulirapo.

Victor LaMer ndi Robert Dinegar a ku Columbia University ku New York anafotokoza zimenezi mu 1950 pofufuza tinjere ta sulufule. Anati pali zochitika ziwiri zolimbirana chakudya chimodzi: kubadwa kwa timbewu tatsopano ndi kukula kwa tomwe tabadwa kale. Timbewu tikabadwa tonse pakamodzi kenako kubadwako n'kuleka, njere zimakula mofanana. Kubadwa kukapitirira pamene zina zikukula, ufa umatuluka wosakanikira, zazikulu ndi zazing'ono. Mlimi izi amazidziwa: chimanga chomera ndi mvula imodzi chimalingana msinkhu, chopachiza chimatsalira, ndipo chobzala mothinana chimaonda chifukwa chakudya m'nthaka n'chomwecho. Madzi okhuta kwambiri amabala timbewu tochuluka, motero njere zake zimachepa. Okhuta pang'ono amabala tochepa, njere n'kukula.

Tayang'anani m'botolo la mu labotale pamene dontho la amoniya likugwera m'madzi a mchere wa zirconium. Pomwe dontholo lagwera pamachita kamtambo koyera nthawi yomweyo, koma masentimita ochepa kuchoka pamenepo madzi adakali mbee, asidi ali chikhalire. M'botolo limodzi muli malo awiri osiyana, ndipo njere zobadwira m'malo awiriwo sizingafanane. N'chifukwa chake liwiro lothirira, mphamvu yotakasira, ngakhale funso lakuti chothiridwa mu chinzake ndi chiti, zimasintha ufa. Njira ina yochenjera ndi kusadontheza kanthu. Amasungunuliratu urea, yemweyo wa feteleza, m'madzi ozizira, kenako n'kuwatenthetsa kufika cha m'madigiri 90. Urea amaphwanyika n'kutulutsa amoniya paliponse m'madzimo nthawi imodzi, ndipo njere zimabadwa mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Chitsanzo chotchuka cha ulamuliro woterewu ndi cha Werner Stöber, Arthur Fink ndi Ernst Bohn cha mu 1968. Anasakaniza mankhwala a silicon ndi mowa wa mu labotale, madzi ndi amoniya, n'kupeza timipira ta silica tobulungira bwino, tolingana kukula. Posintha kuchuluka kwa madzi, kwa amoniya ndi mtundu wa mowa, ankasankha kukula kwa timipirato kuyambira mananomita 50 mpaka mamayikironi awiri. Mankhwala omwewo mukawathira asidi m'malo mwa amoniya, sipatuluka timipira. Pamatuluka timaulusi tolukana tomwe timagwira madzi onse n'kukhala phala lolimba loonekera.

Asidi ndi soda ali ndi ntchito inanso. Khungu la njere ya okusayidi ikakhala m'madzi limatenga mphamvu ya magetsi, ndipo njere za mphamvu yofanana zimakankhana. Koma okusayidi iliyonse ili ndi muyeso wake wa asidi m'madzi, wotchedwa pH, pomwe mphamvuyo imatheratu: cha pa 2 kwa silica, cha pa 6 kwa titania (okusayidi ya titanium), cha pa 9 kwa alumina. Pamenepo njere zikagundana zimamatirirana. Wofuna kusefa ufa msanga amayandikira muyeso umenewo. Wofuna njere zomwazikana amautalikira.

Nthawi nayonso imaumba njere. Zikasiyidwa m'madzi momwe zabadwiramo, makamaka otentha, zing'onozing'ono zimasungunuka n'kukaunjikana pa zazikulu. Zimenezi zimadziwika ndi dzina la Wilhelm Ostwald wa ku Germany, yemwe anazifotokoza kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ufa wosefedwa patatha ola limodzi ndi wosefedwa mawa lake, ngakhale achokere m'thanki imodzi, ndi mitundu iwiri ya ufa.

Maonekedwe amachokera kuti?

Njere yomwe maatomu ake ayalidwa mwadongosolo imakhala ndi nkhope zingapo, ndipo nkhopezo sizikula pa liwiro limodzi. Yokula msanga imatha n'kusanduka nsonga. Yochedwa ndiyo imatsala n'kupereka maonekedwe. Motero kanthu kalikonse komata pa nkhope imodzi n'kuichedwetsa kamasintha njere yonse.

Egon Matijević wa ku Clarkson University m'chigawo cha New York anathera zaka zambiri pa nkhaniyi. Pofunditsa madzi a mchere wa ayironi cha m'madigiri 100, iye ndi anzake ankapeza okusayidi yofiira yotchedwa hematite, nthawi zina yobulungira, nthawi zina ya timabokosi. Atathiramo phosphate pang'ono chabe, njere zinatuluka zazitali, zosongoka mbali zonse ziwiri. Mu 2005 akatswiri a ku Peking University anaonetsa zofanana ndi ceria, okusayidi ya cerium. M'madzi a soda wambiri, pa madigiri 100 munatuluka timitengo, pa madigiri 180 timabokosi. Izi sizongokometsera maso. Ceria imagwira ntchito yoyeretsa utsi wa galimoto potenga ndi kubweza okosijeni, ndipo nkhope zomwe zili pa timitengo ndi timabokosi zimachita ntchitoyo mosavuta kuposa za njere wamba. Kwa woumba seramiki yolimba nkhani imatembenuka: njere zazitali zimapingasana n'kusiya mipata, pomwe zobulungira zimakhalirana bwino.

Njira iliyonse imasiya chidindo chake

Barium titanate imaonetsa bwino momwe njira yosankhidwa imasinthira zotuluka. Njira yakale ndi kusakaniza ufa wa barium carbonate ndi wa titania, kuukazinga pa madigiri opitirira 1,000, kenako n'kugaya. N'njotchipa ndipo imapereka maatomu oyalidwa bwino, koma njere zimakonda kukula ndi kusalingana. M'kapasita ya m'foni muli timizere ta seramiki mazanamazana tosanjikizana ndi ta chitsulo, ndipo m'makapasita amakono kamzere kamodzi sikakwana mayikironi. Njere imodzi yaikulu m'kamzere kotere imatsegulira magetsi njira, kapasita n'kufa.

Yankho lina linali kuphika ufawo m'chiwiya chachitsulo chotsekedwa bwinobwino, m'madzi a soda wamphamvu, pa madigiri 100 mpaka 200, nthunzi ikupanikiza m'katimo. Makampani a ku Japan monga Sakai Chemical amapanga ufa wotere. Njere zimatuluka zobulungira, zolingana, cha m'mananomita 100, zosafuna chigayo. Koma njere yobadwira m'madzi imatsekera zotsalira za madziwo m'kati mwa maatomu ake. Ikatenthedwa zotsalirazo zimatuluka n'kusiya timabowo m'kati mwenimweni mwa njere, ndipo mayalidwe a maatomu amachedwa kufika pa omwe amasunga magetsi bwino. Vuto limodzi likatha, lina limabadwa, ndipo luso n'kudziwa lomwe ntchito yako ingalipirire.

Palinso njira ya lawi la moto. Mu 1942 Harry Kloepfer wa kampani ya Degussa ku Germany anapeza njira yopangira silica powotcha nthunzi ya mankhwala a silicon m'lawi. Kumeneko zonse zimachitika sekondi isanathe. Tinjere timabadwa, timagundana, timamatana. Lawi likakhala lotentha ndipo tikakhalamo nthawi yokwanira, tiwiri togundana timasanduka kampira kamodzi. Tikatuluka msanga, timangogwirana n'kupanga timaunyolo ta nthambi. Titania yotchuka ya P25, yomwe ofufuza padziko lonse amayerekezera nayo ufa wawo, imapangidwa chonchi: njere zake ndi za mananomita pafupifupi 21, khungu lake masikweya mita 50 pa galamu.

Pomwe ufa wabwino umawonongekera

Anthu ambiri amaika mtima pa kubadwa kwa njere n'kuiwala kutsuka ndi kuumitsa. Komatu apa ndi pomwe ufa wambiri umafera. Matope onyowa akamauma, madzi otsala m'timipata amakoka njere kuti ziyandikane, ndipo timipata tikachepa kukokako kumakula. Kuonjezera apo madzi amasiya timilatho tolumikiza khungu la njere ina ndi la inzake. Pokazinga, timilathoto timauma n'kukhala mfundo zenizeni. Zotsatira zake ndi zibuluma zolimba zomwe makina otsendera sangaziphwanye.

Chibuluma chimawononga motere. M'kati mwake njere n'zothinana, choncho chimamatana ndi kufota msanga kuposa ufa wochizungulira. Pofotapo chimadzipatula kwa anzake n'kusiya mpata waukulu, womwe moto wabwinobwino sungautseke. Wowotcha amakakamizika kuonjezera moto, njere n'kukula mopitirira, phindu lonse la ufa wosalala n'kutayika.

Mu 1979 Krzysztof Haberko wa ku Kraków m'dziko la Poland anaonetsa kuti matope a zirconia otsukidwa ndi ethanol m'malo mwa madzi amapereka zibuluma zofewa, zophwanyika mosavuta. Kukoka kwa ethanol sikukwana gawo limodzi mwa magawo atatu a kukoka kwa madzi, ndiponso ethanol amaphimba khungu la njere kuti timilatho tija tisamangike. Mu 1981 William Rhodes ku America anapatula njere zopanda zibuluma mu ufa wa zirconia polola zibulumazo kudikha m'madzi. Njere zomasukazo zinathinana kufika pa 99.5 peresenti ya kuthinana kotheka pa madigiri 1,100, moto wotsika ndi madigiri 300 poyerekeza ndi womwe ufa womwewo unkafuna uli ndi zibuluma zake. Mankhwala sanasinthe, njere sizinasinthe; chinasintha ndi kagwiranidwe kokha.

Si chibuluma chilichonse chomwe n'choipa. Ufa wosalala kwambiri suyenda, umakakamira, sudzaza chikombole mofanana. M'mafakitale amachita kupanga dala timibulu tofewa popopera matope m'mphepo yotentha. Timibuluto timayenda bwino, ndipo tikatsenderedwa timaphwanyika n'kutha. Funso si lakuti njere zagwirana kapena ayi, koma ngati zingalekane pa nthawi yake.

Kukazinga

Zomwe zimatuluka m'madzi nthawi zambiri sizikhala okusayidi yomalizidwa. Zimafuna kukazingidwa kuti madzi ndi zotsalira zichoke, maatomu ayalike. Moto ukachepa zotsalira zimakhalamo. Ukachuluka njere zimakula ndi kumatana nthawi isanakwane.

Alumina imadutsa m'masinthidwe angapo. Mtundu wa boehmite ukafika cha m'madigiri 500 umasanduka gamma alumina, ya timabowo tosawerengeka, ya khungu lofika masikweya mita 200 pa galamu, yomwe amafuna oyenga mafuta ndi opanga zoyeretsera utsi. Cha m'madigiri 1,100 mpaka 1,200 imasanduka alpha alumina, yolimba ija ya pa pulagi, koma khungu limagwa kufika pa masikweya mita ochepa. Timbewu ta alpha timabadwa tochepa, choncho kalikonse kamakula kwambiri, kokhotakhota, kotsekera timabowo. M'zaka za m'ma 1980, Masato Kumagai ndi Gary Messing a ku Pennsylvania State University anathira tinjere ta alpha tokonzeratu m'matope a boehmite. Kusinthako kunachitika pa moto wotsikirapo ndipo njere zinatuluka zazing'ono, zolingana. Ndi lamulo lomwe lija la kubadwa ndi kukula, koma tsopano m'ng'anjo.

Pa zirconia, kukula kwa njere kumasankha ngakhale mayalidwe a maatomu. Zirconia yaikulu imakhala ya mtundu wa tetragonal pamwamba pa madigiri 1,170 pokha. Ikamazizira imatembenukira ku monoclinic n'kufufuma ndi 3 mpaka 5 peresenti, zomwe zimang'amba choumba. Koma Ronald Garvie anaonetsa mu 1965 kuti njere zosakwana mananomita 30 zimakhalabe za tetragonal ngakhale zitazizira. Mu 1975, ali ku CSIRO ku Australia, iye ndi Richard Hannink ndi Terry Pascoe anaonetsa kuti kufufumako kungasandutsidwe chitetezo: njere za tetragonal zosungidwa m'seramiki zimatembenuka mng'alu ukaziyandikira, n'kuufinya kuti usapitirire. Zirconia yolimba ya mano, yothiridwa yttria pang'ono, imadalira zimenezi, ndipo njere zake zikakula mopyola muyeso zimatembenuka zokha, chitetezo n'kutha.

Kuchepa si cholinga

Nkhani ya nano yatchuka moti ena amayesa kuti njere ikachepa ndiye kuti yaposa. Titania imatsutsa ganizoli. Mu penti yoyera mumafunika njere za mtundu wa rutile za mananomita 200 mpaka 300, chifukwa kukula kumeneko ndiko kumamwaza bwino kuwala komwe maso amaona. Njere zomwezo zikatsika pansi pa mananomita 100 kuyera kumachepa kwambiri, koma zimatchingabe cheza choopsa cha dzuwa, n'chifukwa chake zimapezeka m'mafuta oteteza khungu, omwe abale athu achialubino amawadalira tsiku ndi tsiku. Barium titanate yowotchedwa imasunga magetsi ochuluka njere zake zikakhala cha pa mayikironi imodzi. Zikachepa kwambiri mphamvuyo imatsika. Ufa wosalala zedi umayamwanso chinyezi, umavuta kutsendera, ndipo umauluka n'kulowa m'mapapo mwa ogwira ntchito ngati satetezedwa.

Ngakhale funso lakuti njere n'zazikulu bwanji lilibe yankho limodzi. Njira ya X-ray, yodalira masamu a Paul Scherrer a mu 1918, imayesa kachigawo komwe maatomu ayalidwa mosadukiza. Njira ya Brunauer, Emmett ndi Teller ya mu 1938 imayesa khungu poona kuchuluka kwa mpweya womwe ungamate pa ufa. Makina owalitsa leza m'madzi amaona chilichonse choyenda pamodzi, kaya ndi njere kapena chibuluma. Ufa umodzi ukhoza kupereka mananomita makumi ochepa pa njira yoyamba ndi mamayikironi angapo pa yachitatu, ndipo palibe yomwe yanama. Manambala atatuwo akayandikana, njere n'zomasuka. Akatalikirana, ufawo ndi wa zibuluma. Wogula amene wapatsidwa nambala imodzi yokha sanauzidwe zokwanira.

Chovuta chomwe chatsala

Malamulo akuluakulu akudziwika, koma kulosera molondola kudakali kovuta. Chithunzi cha LaMer sichifotokoza zonse: njere zambiri zooneka zamphumphu zapezeka kuti zinapangidwa ndi tinjere tina tomwe tinaunjikana, osati ndi maatomu obwera limodzilimodzi. Ndipo zomwe zatheka m'botolo la lita imodzi sizimangotheka m'thanki ya malita masauzande, momwe kutakasa kumachedwa ndipo kutentha sikufika paliponse nthawi imodzi. N'chifukwa chake makampani monga Tosoh ya ku Japan, yomwe ufa wake wa zirconia umadziwika padziko lonse, sagulitsa zirconium chabe. Amagulitsa chitsimikizo chakuti thumba la chaka chino lidzachita m'ng'anjo zomwe linachita la chaka chatha.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa miyala yoyambira ili pansi pa mapazi athu. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezeka rutile wochuluka zedi, ndipo rutile ndi titania yachilengedwe. Ku Kangankunde m'boma la Balaka kuli miyala yokhala ndi cerium. Pa phiri la Mulanje pali bauxite, gwero la alumina. Mchenga umagulitsidwa pa tani, koma ufa wa njere zolamulidwa bwino umagulitsidwa pa kilogalamu. Chomwe chili pakati pa mitengo iwiriyo ndi anthu odziwa kusunga pH pamalo amodzi, kuthira pa liwiro loyenera, kutsuka, kuumitsa ndi kukazinga mosaphonya, komanso magetsi osazimazima ndi zipangizo zoyesera zomwe atulutsa. Pokambirana za migodi imeneyi, maphunziro a anthu otero ndi malabotale awo ayenera kukhala m'mapangano kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi misonkho ndi misewu.